Nkhondo ya pa tebulo: tiasilikali ta pulasitiki ndi manja amene amatipanga

Mu 1987, kampani ya ku England yotchedwa Games Workshop itatulutsa masewera ankhondo a Warhammer 40,000, panali chinthu chimodzi chosowa. Malamulo ankakamba za akasinja ndi magalimoto ankhondo a m'tsogolo, koma m'sitolo munalibe, chifukwa kampaniyo inali isanayambe kuwaumba. Rick Priestley, amene analemba malamulowo, anatenga chibotolo cha pulasitiki chomwe munatha mafuta opaka kukhwapa, n'kumatapo sipuni ndi tizidutswa ta zidole zina, kenako n'kupaka penti. Chomwe chinatuluka ndi kasinja wopanda matayala, woyenda m'malere. Chithunzi chake chinasindikizidwa kuti osewera aone kuti nawonso angathe, ndipo mpaka lero amene anakulira m'masewerawa amachikumbukira.

Luso limeneli, lotenga zidutswa za zinthu zosiyana n'kupanga chatsopano chomwe fakitale sinachiganizirepo, eni ake amalitcha kitbashing. Kwa ine ndi pamene pagona mtima wa masewera onsewa. Koma kuti timvetse chimene chimachititsa bambo wa ndevu zake, kapena mayi wa ana ake, kuchezera usiku akusema khosi la kachidole kosaposa chala, tiyambe taona zomwe zimachitika pa tebulo.

Anthu awiri amaima mbali ziwiri za tebulo lalikulu, lomwe kwa zaka zambiri muyeso wake wozolowereka unali mafiti 6 m'litali ndi mafiti 4 m'lifupi. Pamwamba pake pamakhala kadziko kakang'ono: timapiri, mitengo, mabwinja a nyumba, mtsinje ndi mlatho wake. Aliyense amabwera ndi gulu lake la tiasilikali. Tambiri timakhala totalika mamilimita 28 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kalikonse kamamatidwa pa kapulasitiki kophwatalala kuti kasagwe. Pa tebulopo sipajambulidwa mabokosi oti muyendemo. Kamsilikali kakhoza kupita kulikonse, bola mtunda wake uyezedwe ndi tepi. Malamulo akati oyenda pansi amasuntha mainchi 6, ndi 6 yomweyo. Okwera pa akavalo amafika patali, okoka mizinga amatsalira m'mbuyo.

Kumenyana kumaweruzidwa ndi madayisi, aja a mbali zisanu ndi imodzi. Tinene kuti gulu langa likuombera zipolopolo 18. Ndimatenga madayisi 18 n'kuwaponya nthawi imodzi. Ngati asilikali anga amalasa dayisi ikagwa pa 3 kupita m'mwamba, ndiye kuti pafupifupi 12 alasa. Amenewo ndimawatola n'kuponyanso kuti tione ngati zipolopolozo zavulaza munthu, ndipo pakafunika 4 kupita m'mwamba, atsala 6. Kenako mnzanga uja amaponya madayisi 6 kuti aone ngati malaya achitsulo a asilikali ake awateteza. Ngati iye amapulumuka ndi 3 kupita m'mwamba, ogwa akhala awiri okha. Zipolopolo 18, ogwa awiri. Awa ndi masamu a pa pepala, ndipo wosewera wodziwa amakhala nawo m'mutu asanasunthe kanthu. Koma madayisi samva masamu. Tsiku lina kamsilikali kamodzi, kotsala kokha pa mlatho, kamapulumuka kasanu motsatizana, anthu a pa matebulo ena n'kusiya zawo kubwera kudzaonerera. Kamsilikali kotero kamapatsidwa dzina tsiku lomwelo. Mwini wake akafika kunyumba amakajambula chipsera pa tsaya kapena kukamata kamendulo pachifuwa, ndipo anzake adzakhala akukatchula kwa zaka.

Kuti wina asabwere ndi chigulu chokwirira mnzake, chilichonse chili ndi mtengo wake wa mapointi. Woyenda pansi ndi wotsika, kasinja ndi wokwera. Awiriwo amagwirizana malire, monga mapointi 2000 omwe ndi ofala m'mipikisano ya Warhammer 40,000, aliyense n'kusankha gulu lokwana pamenepo. Masewera otere amadya maola awiri kapena atatu, ndipo kawirikawiri wopambana si amene wapha ambiri koma amene wagwira malo ofunika, monga phiri kapena mlatho uja, kwa nthawi yaitali.

Chimene chimadabwitsa woonera koyamba n'chakuti nthawi zambiri sipakhala woimbira. Funso likabuka loti kodi msilikali uyu akumuona mdani kuseri kwa khoma, wosewera amawerama, n'kuika diso kumbuyo kwa mutu wa kachidoleko, n'kunena zomwe akuona. Mnzakeyo amabwera kudzasuzumira naye, n'kumvana. Asanayambe n'komwe amakhala atayendera tebulo lonse ndi chala: nkhalango iyi ikubisa munthu kapena ayi, mtsinje uwu ndi wowolokeka kapena ayi. Akalephera kumvana pakati pa masewera, mwambo wakale ndi woti aponye dayisi imodzi, yemwe yamukomera zake ziyende, mkangano adzaupitirize akamaliza. Wakuba theka la inchi pa tepi palibe lamulo lomulanga. Amangoona kuti Loweruka likafika, aliyense wapeza kale mnzake wosewera naye.

Chiyambi cha zonsezi sichinali choseweretsa. Mu 1824 msilikali wa ku Prussia, dziko lomwe pambuyo pake linakhala gawo la Germany, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu ake masewera otchedwa Kriegsspiel, amene anawakonza kuchokera pa zomwe bambo ake anayamba. Ankaseweredwa pa mapu, ndi tizidutswa tofiira ndi tabuluu toimira magulu a nkhondo, madayisi, komanso woweruza pakati. Asilikali a dzikolo anawatenga ngati njira yophunzitsira maofesala, ndipo Prussia itagonjetsa France mu 1871, maiko ena anayamba kutengera.

Amene anawatulutsa m'kampu n'kuwalowetsa pabalaza pa anthu wamba ndi wolemba mabuku H. G. Wells, mu 1913, ndi kabuku ka malamulo kotchedwa Little Wars. Iye ndi anzake ankagwada pansi kapena pa kapinga, n'kundandalika tiasilikali ta mtovu, n'kumatiombera ndi kamzinga ka sipuling'i kolavula kamtengo. Kamsilikali kakagwa, kafa. Nyumba ndi mapiri ankapanga okha. Wells ankadana ndi nkhondo yeniyeni, ndipo ankakhulupirira kuti munthu akasewera kangapo kankhondo kakang'onoka amazindikira kupusa kwa nkhondo yaikulu. Patangotha chaka, mu 1914, nkhondo yaikuluyo inabuka.

Nkhondo yachiwiri itatha, masewerawa anakula mwakachetechete m'manja mwa anthu ngati Donald Featherstone wa ku Southampton, yemwe anamenya nawo nkhondoyo m'gulu la akasinja. Buku lake la malamulo linatuluka mu 1962, ndipo kamagazini kake kankalumikiza pa positi anthu omwe aliyense ankaganiza kuti ali yekha. Nthawi imeneyo tiasilikali totsika mtengo tinali ta pulasitiki ta kampani ya Airfix, koma mitundu yake inali yowerengeka. Wofuna gulu la nkhondo za m'ma 1700 ankagula asilikali a nkhondo ina, n'kudula zipewa zawo, n'kuumba zina ndi dongo loseweretsa ana lija la Plasticine, mapini n'kusanduka mikondo. Choncho kudula ndi kulumikiza sikunabwere pambuyo ngati chokometsera. Inali njira yokhayo yopezera gulu lomwe mtima wako ukufuna. Ku America, Gary Gygax ndi Jeff Perren analowetsamo amatsenga ndi zinjoka m'malamulo a Chainmail mu 1971, ndipo kuchokera pamenepo panabadwa masewera a Dungeons & Dragons mu 1974.

Games Workshop inayamba mu 1975 ku London, ndi abwenzi atatu, John Peake, Ian Livingstone ndi Steve Jackson. Poyamba ankapanga matabwa osewererapo, ndipo pakati pa masewerawo panali mancala, banja lomwelo la bawo. Magazini yawo ya White Dwarf inayamba mu 1977, nthambi youmba tizidole ya Citadel Miniatures mu 1979, Warhammer woyamba mu 1983. Likulu linasamukira ku Nottingham, ndipo anthu amene anaphunzira ntchito kumeneko anatsegula makampani awoawo m'dera lomwelo: Warlord Games, Mantic Games, Perry Miniatures ya mapasa Alan ndi Michael Perry, ndi ena. N'chifukwa chake derali amalitcha Lead Belt, pokumbukira mtovu umene tiasilikali tinkaumbidwira, ngakhale kuti m'zaka za m'ma 1990 makampani ambiri anausiya mtovuwo poopa poizoni wake. Mu December 2024 Games Workshop inalowa m'gulu la FTSE 100, la makampani akuluakulu pa msika wa masheya wa ku London. Tizidole timeneti ndi bizinesi ya ndalama zankhaninkhani tsopano.

Nanga kitbashing imachitika bwanji? Bokosi la tiasilikali ta pulasitiki silibwera ndi asilikali athunthu. Mumakhala mafelemu, amene osewera amawatcha sprue, pomwe palendewera mitu, mikono, miyendo, mfuti ndi zikwama. Umadula ndi kapulayala, n'kupala ndi msana wa kampeni timizere tosiyidwa ndi chikombole, n'kumata. Kawirikawiri zidutswa zimachuluka kuposa asilikali: matupi khumi, koma mitu ndi zida zopitirira pamenepo kuti usankhe. Zotsalazo sizitayidwa. Zimathiridwa m'chitini kapena m'bokosi lomwe limakula chaka ndi chaka, ndipo bokosi limenelo ndiye chuma chenicheni cha wosewera wakale.

Tiyerekeze kuti ndikufuna mlenje wa m'dziko lomwe linasanduka bwinja. Ndikhuthulira bokosi lija pa tebulo n'kuyamba kutokosa. Thupi nditenga la msilikali wa nkhondo za Napoleon, chifukwa cha chikhothi chake chachitali. Mutu ukhale wa wankhondo wa zaka za m'ma 1400, wovala chisoti chachitsulo chobisa nkhope. M'manja agwire mfuti ya m'tsogolo, ndipo kumsana abereke mtolo wa nkhuni wopangidwa ndi timizu touma. Mavuto amayambira pomwepo. Mutu wina uli ndi khosi lobulungira, pomwe thupi lili ndi pokhazikapo pathyathyathya, ndiye kumafunika kusema kapena kuboola. Makampani samagwirizananso pa kaumbidwe: ena amakuza mitu, manja ndi zida mwadala kuti zizioneka patali, ena amatsata mmene thupi la munthu lilili. Mutu wa kampani yoyamba ukaikidwa pa thupi la yachiwiri, kamunthuko kamaoneka kodwala. N'chifukwa chake wodziwa sathamangira guluu. Amayamba wagwirizitsa zidutswa ndi phula lija lomatira mapepala pakhoma, n'kukatembenuza uku ndi uku, n'kukasiya pa shelefu mpaka mawa kuti adzakaone ndi maso atsopano.

Chinthu chimene chimasiyanitsa ntchito yabwino ndi yongomatamata si kuchuluka kwa zidutswa ayi, koma kaimidwe. Maso ayang'ane komwe mfuti yaloza. Phewa lonyamula katundu litsike. Phazi limene thupi latsamirapo likhale pansi pa mutu. Kungopendeketsa mutu pang'ono kumasintha munthu wolusa kukhala wotopa, ndipo wotopayo ndi amene amakhala ndi nkhani.

Guluu nayenso ali ndi chinsinsi chake. Wa pulasitiki samata monga momwe timaganizira. Amasungunula pang'ono nkhope ziwiri za pulasitikiyo, zikauma n'kukhala chinthu chimodzi. Koma pa chitsulo kapena pa resin, mankhwala amadzimadzi omwe akauma amalimba ngati pulasitiki, sagwira, ndiye pamafunika supaguluu, yemwe amagwira msanga koma sachedwa kuthyoka kachidole kakagwa. Pofuna kuti mkono wolemera usadzachoke, amaboola kabowo mbali zonse ziwiri ndi kachiboolero kopota ndi zala, n'kulowetsamo kawaya kodulidwa ku kilipi ya mapepala. Mipata yotsala amatseka ndi phala louma lokha lotchedwa Green Stuff, lomwe limabwera m'mizere iwiri, wachikasu ndi wabuluu. Ukaikanda pamodzi imasanduka yobiriwira, ndipo umakhala ndi ola limodzi kapena awiri lisanayambe kulimba. Limamatirira ku zala ndi ku zida, choncho zida zimanyowetsedwa ndi madzi. Ndi limeneli amaumbira ndevu, malamba, ubweya wa chikopa ndi makwinya a nsalu. Amaumba kachigawo kamodzi, n'kudikira kaume, n'kubwera ku kena mawa, chifukwa wofuna kumaliza tsiku limodzi amadinda chala chake pa zomwe waumba kale.

Pofika apa mlenje wathu amaoneka chigambachigamba: thupi lotuwa, mutu wonyezimira, mabala obiriwira, timizu takhofi. Ndiyeno amamuwaza penti yoyamba, yakuda kapena yotuwa, thupi lonse. Nthawi imeneyi ndi imene opanga tizidole amaikonda kuposa ina iliyonse, ndipo ndikuwamvetsa. Malire onse aja amazimiririka nthawi imodzi. Sipaonekanso kuti ichi chinachokera m'bokosi liti. Patsogolo pako paima munthu mmodzi yemwe dzulo kunalibe, ndipo dziko lonse lapansi palibe wina ali naye. Kupenta kumatsatira: mitundu yoyambira, kenako penti yamadzimadzi yakuda yomwe imatsikira m'makwinya n'kupanga mithunzi, kenako burashi yopukutidwa pafupifupi kuuma yomwe imangokhudza m'mphepete kuti muwale.

Opanga mafilimu ankadziwa kale chinsinsi cha penti imodzi yophimba zonsechi. Zombo za mlengalenga za mu filimu ya Star Wars ya 1977 zinakutidwa ndi tizidutswa ta akasinja, ndege ndi magalimoto oseweretsa ogula m'sitolo. Diso likaona timapaipi ndi timabokosi tambirimbiri pa chinthu, limakhulupirira kuti chinthucho n'chachikulu ndipo chimagwira ntchito.

Dziko la pa tebulo lija nalo limachokera kudzala. Zoyera zofewa zotetezera firiji yatsopano m'katoni zimasanduka matanthwe. Chitini cha nsomba chimakhala thanki ya mafuta, timapaipi tomwera zakumwa timakhala mipope ya fakitale, katoni wosendedwa mbali imodzi amakhala malata, mchenga wosakaniza ndi guluu wa matabwa umakhala nthaka. Aliyense amene anakulira m'mudzi kapena m'tauni kwathu kuno akudziwa diso limeneli, chifukwa ndi lomwe lija la mwana wopanga galimoto ya mawaya, yemwe akaona chitsekerero cha botolo amaona tayala, ndipo akamaliza sakhala nayo yekha m'nyumba koma amaitulutsa pamsewu kuti anzake aione, aifunse, mawa abwere ndi yoposa.

Kutulutsa kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa ntchito yonse ndafotokozayi imachitika munthu ali yekha, usiku, pansi pa nyali. Chimene chimamubweza pa mpando tsiku ndi tsiku ndi kudziwa kuti pali anthu amene adzanyamule kachidoleko mosamala, n'kukayandikitsa kumaso, n'kufunsa kuti, "Mutu uwu munautenga kuti?" Funso limeneli ndi ulemu waukulu pakati pawo, ndipo yankho silibisidwa. Pa kalabu anthu amasinthana zidutswa: ine ndili ndi zishango zotsala, iwe uli ndi mitu ya mimbulu. Amakhala ndi madzulo ongopenta pamodzi, aliyense atawerama pa zake, nkhani zikuyenda. Wobwera kumene amabwerekedwa gulu lathunthu kuti alawe asanawononge ndalama. Ku London, kalabu ya South London Warlords imakonza chionetsero cha tsiku limodzi chotchedwa Salute, komwe makalabu amabweretsa matebulo omwe akhala akuwamanga miyezi yambiri, n'cholinga chongoti mlendo wodutsa akhale pansi aponye nawo madayisi. Kwa akatswiri a burashi kuli mpikisano wa Golden Demon, womwe unayamba mu 1987, ndipo wopambana onse amalandira lupanga lenileni.

Kitbashing imadaliranso mgwirizano uja wa pa tebulo. Pali lamulo la ulemu loti chida chimene kamsilikali kanyamula chikhale chomwecho chimene kakumenyera nkhondo m'malamulo, kuti mnzako asasokonezeke. Koma munthu akabwera ndi chilombo chomwe wapanga yekha, amayenera kunena kuti, "Ameneyu akuimira kasinja wakuti, kukula kwake n'kofanana." Mnzakeyo akavomera, chilombocho ndi kasinja mpaka masewera atha. Popanda kuvomera kumeneko ndi pulasitiki chabe.

Apa ndi pamene pali kukokana, ndipo sindibisa mbali imene ndili. Kampani imene inasindikiza chithunzi cha botolo la mafuta a kukhwapa lero ili ndi bokosi la pafupifupi chilichonse, ndipo mitengo yake ndi yoboola m'thumba. Pa mipikisano yomwe imakonza yokha imafuna tizidole take, osati ta makampani ena. Mu 2013 khoti la ku Chicago linaweruza mlandu wa pakati pa Games Workshop ndi kampani yaing'ono ya Chapterhouse Studios, yomwe inkagulitsa zidutswa zokwana pa tizidole ta Warhammer, ndipo chigamulo chinakomera uyu pena, uyo pena. Osewera ambiri amaona kuti kuchokera nthawi imeneyo malamulo anasiya kutchula zinthu zomwe zilibe bokosi lake m'sitolo. Tizidole tatsopano n'tokongola kwambiri, palibe angatsutse, koma tambiri timadulidwa mwanjira yoti mkono uwu umangokwana pa thupi ili basi. Kampani ili ndi ufulu woteteza zomwe inapanga ndi kulipira antchito ake. Komabe ndikaona matebulo awiri oyandikana ali ndi mtsogoleri yemweyo, ataima chimodzimodzi, ataloza lupanga kumodzimodzi, ndimaona kuti pali chinachake chimene chatayika.

Osewera sanakhale chete. Anayamba kudzilembera ndi kufunafuna masewera omwe safunsa kuti kachidole unakagula kuti. Frostgrave, ya Joseph McCullough, yomwe inatuluka mu 2015, imangofuna anthu pafupifupi khumi mbali iliyonse, wamatsenga ndi omutsatira, ochokera m'bokosi lililonse. Gaslands, ya Mike Hutchinson, ya 2017, imaseweredwa ndi timagalimoto toseweretsa ana ta Hot Wheels kapena Matchbox, tomwe amatimata mfuti ndi malata n'kutipaka dzimbiri. Pali gulu lotchedwa Inq28, lotsatira kajambulidwe ka John Blanche, yemwe kwa zaka zambiri anali mkulu wa zojambula ku Games Workshop: mitundu yamatope, nkhope zovutika, anthu wamba a m'dziko la nkhondo m'malo mwa ngwazi zonyezimira. Ndipo pali Turnip28, ya Max FitzGerald, momwe asilikali a nthawi ya Napoleon amavala zisoti zachitsulo, n'kumera mizu ndi udzu pathupi, ali m'matope mpaka m'mawondo. M'masewera amenewo matope opakidwa mochuluka amabisa polumikizira paliponse, kotero woyamba kumene sachita manyazi kuika gulu lake pafupi ndi la katswiri. Ndimaona kuti kumeneku n'kuganizira anthu.

Makina osindikiza zinthu a 3D awonjezera mpata. Woumba wa kudziko lina amagulitsa fayilo pa intaneti, wogula n'kusindikiza mitu makumi awiri kunyumba kwake. Ena amachita kitbashing pa kompyuta asanasindikize. Kwa munthu wokhala kutali ndi sitolo ya tizidole zimenezi n'zothandiza zedi, ngakhale kuti mankhwala a resin asanaume ndi oopsa pakhungu ndi m'mapapo, ndipo amafuna magolovesi ndi chipinda chopita mphepo.

Pali mbali ina ya masewerawa imene imatikhudza mwachindunji. Si onse amasewera za zinjoka ndi za m'tsogolo. Ambiri amasewera nkhondo zomwe zinachitikadi, ndipo zina mwa izo ndi za kuno. Makampani a ku Britain amaumba ankhondo a Chizulu a pa Isandlwana, pomwe pa 22 January 1879 anagonjetsa asilikali a Britain. Amaumbanso Amatebele, Angoni ndi zishango zawo zachikopa, komanso asilikali a King's African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo chipilala chokumbukira akufa ake chili ku Zomba. Ndiye kuti penapake ku Nottingham kapena ku Leeds pali munthu amene akufufuza m'mabuku mtundu wa nthenga zomwe Mngoni ankavala kumutu, kuti asalakwitse penti. Chidwi chimenecho ndimachilemekeza, ndipo ambiri aphunzira mbiri ya Africa kudzera pa tebulo kuposa momwe anaphunzirira kusukulu. Koma ena mwa magulu a tizidoleti amagulitsidwa pansi pa dzina loti Darkest Africa, dzina la nthawi ya atsamunda, ndipo nkhani imakonda kukambidwa kuchokera kumbali ya mzungu wa chipewa chachikulu, eni dziko ali chikhamu chongothamangira mfuti.

Malamulo ndi tizidole sizichita kugwa kumwamba. Amalemba ndi anthu, ndipo amene wagwira kampeni ndi guluu ndiye amasankha amene aime pakati pa tebulo. Taganizani za chiyambi cha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya. Pa 13 August 1914, pa nyanja ya Malawi, sitima ya Angelezi ya Guendolen inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, ndipo mfuti ya Guendolen ikuonekabe ku Mangochi. Pa 9 September chaka chomwecho kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Wofuna kuika zimenezi pa tebulo ayenera kupanga zambiri ndi manja ake: sitima ya katoni ndi timitengo ta machesi, magombe a mchenga weniweni, nyumba zofolera ndi ulusi wa chiguduli.

Ayeneranso kusankha chochita ndi amtengatenga, amuna zikwizikwi a ku Nyasaland amene anasenza chakudya ndi zipolopolo za nkhondoyo pamutu, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda. M'malamulo ambiri onyamula katundu amangokhala chinthu choti adani alande, kapena chokongoletsa m'mphepete mwa tebulo. Koma palibe choletsa kulemba masewera omwe iwowo ndi eni nkhani, pomwe kupambana ndi kufikitsa anthu ako kwawo ali moyo, madayisi n'kumaweruza za mvula, malungo ndi ufa wotsala m'thumba. Kupanga mtengatenga mmodzi sikovuta. Umatenga kamsilikali, n'kudula mfuti, n'kupala nsapato mpaka zala za kuphazi zioneke, n'kukweza mkono umodzi m'mwamba. Kenako umaumba nkhata pamutu ndi Green Stuff, n'kudikira iume usanaikepo bokosi.